Njira za ku Chikala Zili ndi Eni Ake, Ndipo Zili ndi Mbiri

Ndinabadwira ndi kukulira ku Ntaja, koma phiri la Chikala ndaliponda koyamba chaka chino, ndili kale ku yunivesite. Zaka zonsezi ndinkangoliona pawindo la minibasi tikamapita ku Liwonde, lili njo chakum'mwera kwa msewu, ndipo sindinkaliwerengera. Amene anandichititsa manyazi ndi mnzanga wina wa ku Lilongwe yemwe timaphunzira naye mbiri yakale. Iye anaona zithunzi za zipilala za Malape pa Facebook, n'kundifunsa kuti, "Iwe, si kwanu kumeneku? M'mapiri amenewa munachitika zotani?" Ndinangoti kukamwa yasa. Ndikanatha kumufotokozera momwe Napoleon anagonjera ku Russia, koma za phiri la m'boma lathu lomwe ndinalibe chonena.

Choncho pa holide ya m'chilimwe tinapangana zopitako. Tinakwera minibasi, kenako njinga zamoto za kabaza mumsewu wafumbi, mpaka tinafika pamudzi wina m'munsi mwa phiri. Titapereka moni kwa amfumu, bambo wina wachikulire anavomera kutitsogolera. Anati tilowera ku zipilala, tikwera mtunda, tiyenda pamsana pa phiri, kenako titsikira njira ina yobwerera pomwe tinayambira. Tinanyamuka dzuwa lisanakwere, aliyense ndi botolo la madzi ndi chinangwa chophika m'chikwama.

Zipilala za Malape n'zodabwitsa ndithu. Munthu umayenda m'tchire wamba, mwadzidzidzi nthaka n'kutseguka, n'kupezeka uli m'chigwembe chokhala ndi makoma ofiirira, otalika kuposa nyumba. Mkatimo muli nsanamira zadothi, zina zoonda ngati munsi, zina zonenepa ngati nkhokwe. Palibe mmisiri anaziumba. Madzi a mvula akhala akukokolola dothi lofewa, mchenga ndi timiyala kwa zaka zambirimbiri, n'kumasiya malo olimba ataima okha. Phiri lenilenilo ndi lakale kwambiri kuposa zipilalazi. Chikala ali pamzere umodzi ndi mapiri a Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi, ndipo akatswiri a za miyala amati mapiri amenewa anapangika kuchokera ku miyala yosungunuka pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mnzangayo anajambula zithunzi mpaka foni inatentha.

Koma chimene chandipangitsa kulemba nkhaniyi ndinachiona titatuluka m'chigwembe muja. Njira imene ife tinkaiyesa ya okaona malo inali yodzaza anthu. Tinapatukira amayi anayi osenza nkhuni. Tinakumana ndi mnyamata akukankha njinga yomangirira matumba awiri a makala, thukuta lili kamukamu. Kunadutsa mbuzi ndi kamnyamata kozikusa, kenako mtsikana wovala yunifolomu, makope ali m'jumbo. Mnzanga anadandaula pang'ono kuti anthu akumuonongera zithunzi. Agogo aja anangoseka n'kunena kuti, "Adzukulu, njirayi inu mwaipeza. Ili ndi eni ake." Mawu amenewa ndi amene ndakhala ndikuwalingalira, chifukwa eni ake a njira za ku Chikala si okhawo tinakumana nawo tsikulo. Ambiri anadutsapo kale, ndipo ena anadutsapo atamangidwa.

Tiyambe ndi amene analipo poyamba pa nthawi imene mbiri yolembedwa imatiuza. Chigawo cha pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Chilwa munkakhala Anyanja ndi Amang'anja, alimi, asodzi, osula zitsulo ndi oomba nsalu zathonje. David Livingstone ndi John Kirk atafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, anapeza midzi ya anthu amenewa. Koma pa nthawi yomweyo zinthu zinali zikusintha. Ayao, omwe kwawo kwenikweni ndi mapiri a pakati pa mitsinje ya Lugenda ndi Ruvuma ku Niassa, m'dziko la Mozambique, anali atayamba kusamukira kuno chifukwa cha njala, nkhondo ndi Alolo, ndiponso mikangano ya pakati pawo. Anabwera m'magulu, ndipo gulu limene linakhazikika kwathu kuno linali la Amachinga, komwe kunachokera dzina la boma lathu. Mwa mafumu awo munali Kawinga, Liwonde ndi Malemia.

Ayao anali akatswiri a ulendo. Kuyambira kale m'zaka za m'ma 1700 ankayenda pansi mpaka kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique, atasenza minyanga ya njovu, makasu ndi fodya, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mchere. M'zaka za m'ma 1800 msika unasintha. Minda ya zonunkhiritsa zakudya ku Zanzibar ndi Pemba, ndiponso minda ya nzimbe pa zilumba za Afalansa, inkafuna antchito ochuluka, ndipo munthu anasanduka katundu wamtengo. Mfumu yogulitsa anthu inkapeza mfuti ndi wonga. Yokhala ndi mfuti inkagwira anthu enanso. Yopanda mfuti inkagwidwa. Ngakhale msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, malondawa sanathe msanga kumtunda kuno.

M'nyengo yotereyi, kukhala m'chigwa kunali kudzipereka. N'chifukwa chake Kawinga anamanga likulu lake pa Chikala. Munthu ukafika pamsana pa phiri umamvetsa popanda wokuuza. Ife titafika pamwamba, miyendo ikunjenjemera, tinaona nyanja ya Chilwa ili mbee, chilumba cha Chisi chili pakati, ndipo chakumadzulo kwake mapiri a Malosa ndi Zomba. Gulu lililonse loyenda m'chigwa, kaya la amalonda kaya la adani, limaonekera patali. Njira zokwerera ndi zopapatiza, zoti anthu ochepa okhala ndi mfuti za gogodela akanatha kutsekereza gulu lalikulu. Sankaopa adani amodzi okha: mu 1884 Angoni a kwa Chikusi anaoloka Shire n'kusakaza midzi ya kumtunda kwa Shire, ndipo opulumuka ambiri anali amene anathawira m'mapiri. Agogo aja anatola phale la mphika m'mphepete mwa njira n'kutipatsa kuti tiligwire. Mapale otere amapezeka m'mapiri ambiri a kum'mwera kuno, ndipo amatikumbutsa kuti malo amene lero timawatcha tchire kale pankafuka utsi wa nsima.

Mu 1891 dziko la Britain linalengeza kuti dera lino lili m'manja mwake, ndipo Harry Johnston anakhazikitsa boma lake ku Zomba. Kuchokera ku Zomba kufika ku Chikala si patali, choncho mafumu awiri anapezeka ali m'khola limodzi. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Johnston anatuma Captain Cecil Maguire ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India kuti akathire nkhondo Kawinga. Sanalande phirilo. Maguire anavulala, ndipo nkhaniyo inathera pa pangano la mtendere. Mu Disembala 1891 Maguire yemweyo anaphedwa kunyanja pomenyana ndi anthu a Makanjira, ndipo mu Febuluwale 1892 Jalasi anagonjetsa gulu lina la atsamunda ku mapiri a Mangochi n'kuwalanda mfuti yaikulu. Izi ndazilemba dala, chifukwa kusukulu ya sekondale tinkaphunzira ngati atsamunda anangofika n'kukhala pampando. Zaka zinayi zoyambirira zija, boma la ku Zomba linkagona tulo ta maso.

Mtendere ndi Kawinga unatha kumayambiriro kwa 1895. Ankhondo ake anatsika phiri n'kuukira dera la Malemia, kufupi ndi mishoni ya Domasi imene Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anatsegula mu 1884. Kagulu ka asilikali achi Sikh ndi Atonga kanawabweza. Pa nthawiyo Johnston anali kunja kwa dziko, ndipo Alfred Sharpe, yemwe ankagwirizira udindo wake, pamodzi ndi Captain William Manning, anatsogolera nkhondo yokwera Chikala mu Febuluwale 1895. Phirilo linalandidwa ndipo Kawinga anathawa. Chaka chimenecho chisanathe, Jalasi, Mponda ndi Makanjira anagonjetsedwanso, ndipo mu Disembala Mlozi ananyongedwa ku Karonga. Tikamati dziko lino linagwa m'manja mwa atsamunda, chaka chenicheni cha mfuti ndi 1895, ndipo chinayambira pa phiri limene ine ndinkaliyang'ana mopanda chidwi pawindo la minibasi.

Tsopano funso lovuta ndi ili: kodi Kawinga wa nthawi imeneyo timutchule chiyani? Buku la Johnston lotchedwa British Central Africa, lomwe linatuluka mu 1897, limamuonetsa ngati wogulitsa anthu amene anayenera kugonjetsedwa. Ena mwa anzanga kusukulu, otopa ndi mbiri yolembedwa ndi azungu, amafuna kumutcha ngwazi yolimbana ndi atsamunda basi. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikunena zoona, ndipo iliyonse ikubisa zoona zina. Ndi zoona kuti Kawinga ankateteza ufumu wake kwa alendo amene sanawaitane. Ndi zoonanso kuti mphamvu za ufumuwo zinkachokera ku malonda amene anang'amba mabanja a Anyanja, ngakhale a Ayao anzake. Kwa mayi amene mwana wake anatengedwa kumunda n'kumangidwa goli, kugwa kwa Chikala sikunali tsoka.

Nawonso atsamunda sangavale mwinjiro woyera. Anathetsadi malonda a akapolo, ndipo zimenezo tisazichepetse. Koma amene anachotsa goli ndi omwewo anabweretsa msonkho wa nyumba, analanda malo aakulu n'kuwapereka kwa azungu a minda, ndipo analola thangata, imene inali imodzi mwa zinthu zomwe John Chilembwe anaukira mu 1915. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna zikwizikwi a dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira. Chodabwitsa china n'chakuti boma lomwelo, pokhazikitsa malamulo a 1912 ndi 1933 okhudza mafumu, linayamba kulamulira kudzera m'maufumu ena amene linamenyana nawo. Ufumu wa Kawinga sunafe pa Chikala. Ulipo mpaka lero, dera lake ndi kwathu ku Ntaja, ndipo uli pa udindo wa Paramount Chief.

Ndikudziwa zimene ena anganene: kufukula nkhani ya ukapolo n'kuputa chidani cha mitundu, ndipo kunyozetsa Ayao. Nkhawa imeneyi ndikuimva, pakuti inenso ndi wa komweko. Koma malonda aja sanali a mtundu umodzi. Ku Nkhotakota kunali Jumbe, ku Karonga Mlozi, ku Zambezi Apwitikizi ndi Achikunda awo, ndipo kunali mafumu achichewa amene ankagulitsa anthu awo omwe. Komanso si onse ogwidwa amene ankapita kugombe. Akazi ndi ana ambiri ankasungidwa m'midzi ya owagwira, n'kukwatiwa, n'kubereka. Pambuyo pake Alomwe nawo anabwera ochuluka kuchokera ku Mozambique, n'kukwatirana ndi omwe anawapeza. Kwathu agogo anga aamuna ndi Myao, aakazi ndi Mlomwe, ndipo m'nyumba timalankhula Chichewa ndi Chiyao mosakaniza. Ambirife ku Machinga ndife zidzukulu za ogwira ndi ogwidwa omwe. Palibe amene angaloze chala mnzake osadzilasa yekha, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi tingathe kuikamba mopanda mantha.

Mbiri ya njirayi sinathere mu 1895. Nkhondo zitatha, anthu ambiri anatsikira m'zigwa momwe muli minda ndi madzi. Mu 1924 boma la atsamunda linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, yomwe imakuta mapiri amenewa, ndipo mu 1973 kunakhazikitsidwa malo osungira nyama a Liwonde National Park m'mbali mwa Shire. Cholinga chinali chabwino: kuteteza magwero a mitsinje, mitengo ndi nyama. Koma kwa munthu wa m'mudzi, phiri limene linabisa makolo ake linasanduka malo olowa mozemba. Lero boma la Machinga lili ndi anthu oposa 735,000 malinga ndi kalembera wa 2018, minda ndi yaing'ono, ndipo mitengo ya mombo ndi tsamba yasanduka ndalama ya fizi ndi ya chimanga. Potsika tinadutsa mauvuni a makala atatu, umodzi ukufukabe. Mnzanga anapukusa mutu. Ine ndinakhala chete, chifukwa mbaula imene timaphikira nyemba ku hositelo imadya makala omwewo. Mnyamata wa njinga uja amangosenza katundu wa msika umene uli kutali, ndipo phindu lalikulu silitsala m'manja mwake. Ameneyu ndi wapaulendo wa masiku ano panjira yakale ija.

Mtengo wake ukuoneka kale. Madzi amene anasema zipilala za Malape mwapang'onopang'ono ndi omwewo akung'amba minda ya anthu mofulumira kumene phiri lametedwa. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa zimene madzi otsika phiri lopanda mitengo amachita. Nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo inauma mu 1968 ndi mu 1995, imadalira mitsinje yochokera m'mapiri oizungulira. Choncho nkhani ya phirili ndi nkhaninso ya msodzi wa matemba ndi mlimi wa mpunga.

Si ife tokha amene takumana ndi funso la njira yokongola yokhala ndi mbiri yowawa. Ku America, njira yotchuka ya Bright Angel yotsikira m'chigwembe cha Grand Canyon inatsata njira yakale ya anthu a mtundu wa Havasupai, omwe ankalima m'munsimo. Malowo atasanduka paki mu 1919, anthuwo anathamangitsidwa, ndipo womaliza anachotsedwa mu 1928. Kwa zaka pafupifupi 100 alendo ankatsika ndi kukwera, ambiri osadziwa kuti akuponda minda ya anthu. Mu 2022 m'pamene malo opumira a panjirapo anasinthidwa dzina n'kukhala Havasupai Gardens. Iwo anachedwa. Ife tili ndi mwayi woti ntchito yokopa alendo ku Chikala idakali yaing'ono, ndipo eni njira adakalipo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati khonsolo ya Machinga ndi a zokopa alendo akufuna kutukula Malape ndi njira za ku Chikala, ayambire kwa anthu a m'munsi mwa phiri. Otsogolera alendo akhale a m'midzi yomweyo, ndalama yooneka izitsala komweko, ndipo mayi wa nkhuni asathamangitsidwe kuti chithunzi chikongole. Mnyamata amene angapeze ndalama poyendetsa alendo ali ndi chifukwa chosiyira mtengo uli chiimire. Zikwangwani zilembedwe m'Chiyao ndi m'Chichewa, osati m'Chingerezi chokha, ndipo zinene zonse: za Anyanja, za Amachinga, za ogwidwa, za 1891 ndi 1895, za nkhalango ya 1924. Mu 2011 dziko lathu linapereka ku UNESCO mndandanda wa malo a njira za akapolo, monga Nkhotakota, Karonga, Fort Mangochi ndi Fort Lister. Chikala ayenera kumatchulidwa pamodzi ndi malo amenewa.

Ntchito ina ndi yathu ife ophunzira. Mu 1919 wansembe wachiyao, Yohanna Abdallah, anatulutsa buku la mbiri ya Ayao m'chilankhulo chawo. Zaka zoposa 100 zapita, ndipo ife amene tili ndi mafoni ojambula mawu m'matumba tikudalirabe Johnston kuti atiuze za kwathu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Holide iliyonse imene timathera pa WhatsApp, nkhalamba ina yodziwa mayina a midzi yakale, mitsinje ndi manda imaikidwa m'manda ndi zonse inkadziwa. Sipafunika thandizo la mabungwe kuti munthu akhale pamkeka ndi agogo ake n'kuwafunsa kuti makolo awo anachokera kuti, ndipo anafika bwanji pamene ali.

Tinafika pamjigo pomwe tinayambira dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, madzi atatha kalekale. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha, ifenso tinautha choncho. Tinawathokoza agogo aja n'kuwapatsa kangachepe. Ndisananyamuke ndinawapempha ngati ndingabwerenso ndi kope ndi foni kuti adzandifotokozere zimene anamva kwa makolo awo. Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Mubwere mvula isanagwe, mdzukulu. Ikagwa ndimakhala kumunda." Ndalemba tsikulo pakhoma la chipinda changa. Amene kwanu kuli phiri, dambo kapena njira imene mumangoidutsa, yambani mwafunsa kuti anaipondapo ndani inu musanabadwe.